Mlonda Wathu Anamusandutsa Chigawenga

Mwana wanga anakana sukulu, ndipo amene anamukanitsa ndi a sukulu omwewo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa kuzungulira sindikudziwa. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, amuna anga anamwalira, ndipo zomwe ndili nazo pa dziko lino ndi manja awiri olukira anthu tsitsi ndi kamtsikana kamodzi ka zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake ankakatcha Kabatani chifukwa cha kamphuno kake, dzina n'kukhala lomwelo.

Kabatani sukulu ankaikonda moti Loweruka ankalira kuti atsekeranji. Koma tsiku lina anabwera kunyumba yunifolomu itanyowa kumunsi, osalankhula, chakudya osachiyang'ana n'komwe. M'mawa mwake ndinamupeza pansi pa bedi atakumbatira nsapato zake.

"Tuluka iwe, tichedwa."

Anangosunthira kukhoma.

"Kabatani, ndikulankhula ndi iwe. Anthu akundidikira ku saluni."

"Musakuwe, amayi," ananong'ona. "Akumvani."

"Ndani?"

"Agogo Apageti."

Agogo Apageti ndi mlonda wa pasukulupo, bambo wachikulire wa imvi mutu wonse. Ndi amene amawolotsa ana pamsewu, kuwamangira zingwe za nsapato, ngakhale kuwapukuta mamina ndi mpango wawo. Nditamva dzinalo mtima wanga unathamangira koipa, ndipo mayi aliyense akudziwa kumene unathamangira. Ndinamukoka mwendo mwanayo n'kumuyang'ana thupi lonse. Panalibe chilichonse. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ali pamiyendo panga.

Akuti belu linalira mwachilendo. Madamu awo anakiya chitseko, anazimitsa magetsi, anakoka makatani, n'kunena kuti, "Lowani pansi pa madesiki. Kunja kuli munthu woipa. Amene alire amupeza." Kenaka chitseko chinayamba kumenyedwa, gu gu gu, munthu akukuwa kuti, "Tsegulani! Ndikudziwa muli momwemo!" Kabatani anasuzumira kunsi kwa katani. Anaona munthu atavala chipewa chophimba nkhope, chibonga kumanja. Nkhope sanaione, koma jombo anazizindikira. Tsiku lililonse agogowo akamamumangira nsapato, iye amakhala akuyang'ana jombo zomwezo.

Zitatha anawauza kuti kunali kungoyeserera, kuti adziwe chochita ngozi ikagwa. Akuti ana ena anaseka. Wanga sanaseke. Chitseko chathu chinamenyedwapo chonchi kamodzi kokha, m'mawa umene anzawo a kuntchito anabwera kudzandiuza kuti bambo ake agwa pamwamba pa nyumba imene amamanga. Mwanayu anali atagwira siketi yanga. Kwa iye, chitseko chikamenyedwa chonchi ndiye kuti pali munthu amene sabweranso.

Ndinamusiya kwa mnzanga wa ku saluni n'kulunjika kusukulu, chipeso chili m'tsitsi. Pageti agogo aja anati, "Mwadzuka bwanji, amake Kabatani?" Ndinawadutsa ngati mtengo.

"Khalani pansi, mayi," anatero ahedi nditalowa mu ofesi. Ahedi athu ndi mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa, mtundu wa kufatsa umene umakupsetsa mtima kwambiri.

"Mpando sunandilakwire. Mwandilakwira ndinu. Ndani anakuuzani kuti muzisewera zigawenga ndi mwana wanga?"

"Sikusewera, mayi. Sukulu iliyonse iyenera kuphunzitsa ana chochita pa ngozi. Pena timatuluka, ngati kwabuka moto. Pena timadzitsekera m'kalasi, ngati choopsacho chili panja."

"Nanga chibonga? Nanga chipewa?"

"Tinkafuna zioneke ngati zenizeni. Tikawauziratu, amangoseka n'kumaponyerana mapepala."

"Ife makolo bwanji simunatiuze?"

"Mukanawauza anawo."

"Eya, ndikanamuuza! Ndi wanga!"

"Ana ena onse ali bwinobwino, mayi."

"Ena onsewo ndinabereka ine? Wanga ali pansi pa bedi. Mumvetsetse, pano sapondanso. Adzaluka tsitsi ngati ine, koma tulo azigona."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko, kuti nawonso amve mmene chimamvekera.

Masiku otsatira Kabatani ndinkapita naye ku saluni. Ankakhala kuseri kwa chowumitsira tsitsi, pakati pa ndowa ndi katoni ya meshi. Kasitomala akagogoda pagalasi ankadzidzimuka. Anzake akamadutsa masana ndi zikwama kumsana, ankawasuzumira pazenera, kenaka n'kubwerera kuseri kuja. Ine mtima unkawawa, koma ndinkati mawu ndinanena kale.

Ndiye kunabwera aneba anga kudzalukitsa. Iwowa ndi anamwino a ku wodi ya ana, timakhala mpanda umodzi. Atangokhala pampando ndinayamba kuwakhuthulira nkhani yonse, manja akugwira ntchito.

"Ayi, aneba, pang'onopang'ono!" anakuwa. "Mutuwu si wa ahedi. Mundizula ubongo."

"Pepani. Koma ndinene zoona, anthu ophunzira nthawi zina nzeru zimawathawa."

"Zikomo, ndamva nawo."

"Sindikunena inu."

Anaseka, kenaka anandiyang'ana pakalilole. "Kukwiya mwakwiya pa chilungamo. Zimene anachitazo n'zolakwika. Koma ndikufunseni. Galu wachiwewe atalowa pabwalo la sukulu nthawi yopuma, mukufuna Kabatani achite chiyani?"

"Athawe."

"Athawire kuti?"

"Kuno, kwa mayi ake."

"Awoloke msewu uja yekha akuthamanga, maso ali kumbuyo, galu akumutsata?"

Ndinamangitsa chingwe cha tsitsi kuposa mmene chimafunikira.

"Nanga njuchi zitabuka? Nanga kunja kwa mpanda kutayambika chipolowe, miyala ikuuluka? Tsoka silinunkha, aneba. Mwana amene anayesererapo amalowa m'kalasi n'kukhala phee. Amene sanayesererepo amathamangira kulikonse. Ife kuchipatala timayeserera za moto kawirikawiri, mpaka kukankha mabedi kutuluka nawo panja. Koma sitiyatsa moto kuti zioneke zenizeni, ndipo odwala timawauziratu."

"Ndiye ahedi analakwa."

"Analakwa kachitidwe. Kuyeserera si kulakwa, kulakwa ndi kuopseza. Mwana akagwidwa mantha saphunzira kanthu, amangouma thupi. Chimene chimatsala m'mutu mwake ndi manthawo basi."

"Ndiye akhale pompano. Pano palibe womuopseza."

"Akhale kuseri kwa ndowa mpaka liti? Mukamubisa chonchi mukumuuza kuti zimene akuopazo n'zoona, kuti kusukulu kulidi chigawenga. Amene alangike ndi ndani, ahedi kapena mwana?"

Funso limeneli linandibaya.

Aneba aja anatembenuka, mutu uli theka wolukidwa. "Kabatani, tabwera, mwana wanga. Nkhono unaionapo?"

Anagwedeza mutu ali kuseri komweko.

"Ikamva phokoso imatani?"

"Imalowa m'nyumba yake."

"Imalira?"

"Ayi. Imangodikira."

"Tandionetsa."

Kabatani anatuluka, anagwada pansi, anapinda mutu n'kudzikulunga. Aneba anawerenga naye chapansipansi, kumuuza kuti azipuma ngati akununkhiza duwa, kenaka n'kunena kuti, "Zatha, nkhono tulukani!" Mwanayo anadzuka akumwetulira. Kanali koyamba kuona mano ake chichitikireni zija.

"Mwaona?" anatero. "Ndi phunziro lomwe lija, popanda chibonga. Muzichita naye kunyumba, masana, mukuseka. Ndipo kusukulu mubwerereko, koma osati nokha. Pitani kwa apampando a komiti ya makolo mukapemphe msonkhano. Kumeneko musakangonena zimene mukudana nazo. Mukanene zimene mukufuna. Komanso madamu ake munawauzapo za chitseko chija, tsiku la bambo ake?"

"Za m'nyumba mwanga ndiziuza sukulu?"

"Osati sukulu yonse. Mphunzitsi wake yekha, pambali. Angamuteteze bwanji ku chinthu chimene sakuchidziwa?"

Usandiuze zochita ndi dzina langa lachiwiri, koma apa ndinamvera. Apampando a komiti, bambo wokonza mawayilesi, sanavute. Anati nawonso kwawo kamnyamata kayambiranso kukodza pogona. Kani ana onse sanali bwinobwino. Aliyense ankangochapa zofunda mwakachetechete, kuopa manyazi.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya ana athu omwewo. Tinakhala pa timipando tating'ono, mawondo kufika pachibwano. Aneba anga anabwera nawo atavala yunifolomu, akuchokera kuntchito. Agogo Apageti anaima kumbuyo, chipewa chawo cha ulonda chili m'manja.

Ine ndinali nditanola lilime. Koma ahedi anaimirira ndisanatsegule pakamwa.

"Makolo, ndiyambe ndine. Chaka chatha chimphepo chinasasula denga la kalasi ina muno. Ana anathamangira pakhomo onse nthawi imodzi n'kupondana, wina anathyoka mkono. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ana anga adzadziwa chochita. Koma njira ndinasankha yolakwika. Zenera la ofesi yanga linayang'ana kumsewu. Masiku ano ana a kalasi ino sakuwolokanso ndi agogowa. Akumawazemba n'kukawolokera kumtunda, paokha. Dzana kamtsikana kena kanatsala pang'ono kugundidwa ndi njinga yamoto. Munthu amene ana amayenera kuthawirako pa ngozi, ine ndinamusandutsa woti azimuthawa. Pepani."

Tinatembenuka kuyang'ana agogo aja.

"Ine ndinauzidwa kuti ndimenye zitseko, ndinamenya," anatero. "Panopa ndikati mwadzuka bwanji, tiana tikubisala kuseri kwa amayi awo. Ntchito imeneyo musadzandipatsenso. Bola mundichotse."

Kukwiyira munthu amene wapepesa kale n'kovuta, koma ndinayesetsa. Ndinaimirira, kampando kanakanirira m'chiuno, anthu anaseka.

"Sekani, koma mumve. Ine sindinabwere kudzaletsa kuyeserera. Anamwinowa anandigonjetsa kale pa zimenezo. Ndikufuna zinthu izi. Mukafuna kuyeserera, mutiuziretu ife makolo, kuti tikawakonzekeretse kunyumba. Anawo muwauze poyera kuti lero tikuyeserera, palibe choopsa. Zipewa, zibonga, kumenya zitseko, zonsezo zithe. Ndipo mawu aja akuti amene alire amupeza, ndisadzawamvenso. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amalira, ndi ntchito yake."

Madamu awo, mtsikana wamng'ono ndithu, anaweramitsa mutu. "Ndinkafuna akhale chete msanga," anatero.

"Amakhala chete msanga akamasewera," anatero aneba anga, n'kufotokoza za nkhono zija. Anawonjezera kuti zikatha ana azikhala pansi ndi aphunzitsi awo n'kufunsa mafunso, ndipo mwana amene ali ndi vuto, kaya la mphumu, kaya losamva bwino, kaya anaferedwa, azikhala pafupi ndi mphunzitsi.

Bambo wina woyendetsa lole anaimika dzanja. "Zonsezo zili bwino. Koma ine ndikadzangomva kuti kusukulu kwagwa zenizeni, ndikulumpha mpanda uwo ndi sipanala. Palibe wondigwira."

"Ine ndidzakhala patsogolo panu," ndinatero.

"Apo ndiye pali gawo lanu, makolo," anatero ahedi. "Mukadzadzaza pageti, ambulansi idzalowera pati? Ozimitsa moto adzadutsa pati? Apolisi adzasiyanitsa bwanji kholo ndi munthu woipa amene abwera kudzathana naye? Malo anu odikirira akhale bwalo la mpira, kutsidya kwa msewu. Ana tidzakupatsirani kumeneko, aliyense m'manja mwa kholo lake. Chinanso, ana akadzitsekera sayankha aliyense wogogoda kapena woitana panja. Chitseko amatsegula ndi amene ali ndi kiyi."

"Ngakhale ine mayi ake nditaitana?"

"Ngakhale inu."

"Mukuphunzitsa mwana wanga kusandiyankha? Mwana amene ndinamunyamula m'mimba?"

"Aneba," anatero anamwino, "mukaitana inu, atuluka. Mnzake nayenso atuluka kufuna amayi ake. Chitseko chatseguka, ndipo chomwe amabisalira chikadali panja."

Ndinakhala pansi. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa, koma ndi zoona.

Anthu akubalalika ndinawakokera pambali madamu aja n'kuwauza za m'mawa wa bambo a Kabatani. Misozi inalengeza m'maso mwawo. "Ndikanadziwa, mayi," anatero. Ndinati, "Mwadziwa tsopano. Misozi sungani, ntchito ilipo."

Chinatsala chinali chachikulu: kumudutsitsa mwanayo pageti. Kunyumba tinali titasewera nkhono mpaka mawondo anga kudandaula. Ndinamuuzanso mosabisa kuti agogo aja anachita kutumidwa, kuti kunali kuyeserera kopusa, ndipo akuluakulu apepesa. Anavala yunifolomu osakana. Koma titayandikira sukulu n'kuona jombo zija, anaima nji, zala zake zikundiboola dzanja.

Ndinatsala pang'ono kumunyamula n'kubwerera. Agogo aja anatiwona. Sanatiyandikire. Anangokhala pansi, padothi, pafupi ndi katebulo kawo ka pageti.

"Kabatani," anaitana chapansipansi, "ine ndinalakwa, mdzukulu wanga. Ndinasewera masewera oipa ndipo ndinakuopseza. Sindidzachitanso. Tsopano ahedi andiuza kuti nanenso ndiphunzire za nkhono, koma mutu wanga ndi wakale. Akuti katswiri ndiwe. Amatani kodi?"

Mwanayo anandiyang'ana. Ine ndinangoyang'ana kumwamba.

"Mumalowa pansi pa tebulo," anatero ndi kamawu kakang'ono.

Agogo aja anakwawa n'kulowetsa mutu ndi mapewa pansi pa katebulo. Zina zonse zinatsala panja.

"Chonchi?"

"Ayi! Miyendo ikuoneka!"

"Ndi yaitali, ndiipinde bwanji?"

Kabatani anasiya dzanja langa. Anapita yekha, anagwira jombo imodzi n'kuyamba kuikankhira mkati. Katebulo kanadzuka pamsana pa agogowo ngati chigoba chenicheni, ana amene amadutsa anafa nacho chiseko, nayenso anaseka mpaka kukhala pansi. Belu litalira anatola chikwama chake n'kulowa, osatembenuka n'komwe kunditsanzika. Ndinatsala ndikuthandiza munthu wamkulu kutuluka pansi pa tebulo, msana utagwira.

"Amake Kabatani, lero mundiyankha moni?"

"Mwadzuka bwanji, agogo. Koma mukadzavalanso chipewa chija, ndidzakumetani ndi lezala yobuntha."

Patapita milungu ingapo uthenga unabwera kwa makolo kuti mawa ana ayeserera kudzitsekera, ndipo amene angathe abwere ayeserere nawo kudikira. Madzulo ake ndinamuuza Kabatani. Anati, "Ndikudziwa kale, amayi, madamu atiuza. Inu musadzaitane."

Tinasonkhana pabwalo la mpira, ine, bambo wa lole uja, apampando ndi amayi ena. Belu linalira kaliridwe kake kodzitsekera, kosiyana ndi ka moto. Tinaona ana amene anali panja akulowa m'makalasi oyandikira, agogo aja akuwalozera njira ndi manja awiri. Zitseko zinatsekedwa, makatani anakokedwa. Sukulu yonse inangoti zii, popanda kukuwa, popanda kumenya kanthu. Ngakhale ndinkadziwa kuti n'zoyeserera, miyendo yanga inkafuna kuwoloka msewu yokha.

"Gwirani malaya angawa, mayi," anatero bambo wa lole, "nane ndigwira anu. Tikapanda kutero tichita manyazi tonse."

Tinagwirana choncho ngati ana a mkaka. Kenaka ahedi anayenda kalasi ndi kalasi akutsegula ndi kiyi wawo. Ana anatuluka pamzere, anawerengedwa, ndipo agogo aja anaimitsa magalimoto n'kuwawolotsa kubwera kwa ife. Kabatani anali kutsogolo, atagwira dzanja la madamu ake.

"Zinali bwanji?" ndinamufunsa, ndikumugwiragwira ngati wachokera kunkhondo.

"Ine ndinali nkhono yabwino. Mnzanga amafuna kulira ndiye ndinamuuza kuti anunkhize duwa. Koma madamu anayetsemula kawiri. Ndisiyeni, amayi, tikubwerera, kuli masamu."

Ndalemba izi kuti inu makolo anzanga musadikire kupeza mwana pansi pa bedi. Pitani kusukulu mukafunse ngati ana amayeserera za ngozi. Ngati sayeserera, kwiyani, chifukwa tsiku la moto kapena la galu wachiwewe si tsiku lophunzirira. Ngati amayeserera, funsani kuti amachita motani. Makolo auzidwiretu, ana auzidwe kuti n'zoyeserera, pasakhale wovala zoopsa kapena womenya zitseko. Ngati mwana wanu ali ndi chimene chimamuopsa, muuzeni mphunzitsi wake. Dziwani malo anu odikirira, ndipo tsiku la zenizeni mukaime kumeneko, osati pageti. Inu aphunzitsi, ana athu aphunzitseni kudziteteza, koma musawaopseze. Mwana wokonzekera ndi mwana wamantha si mwana mmodzi, ndipo ife tikufuna wokonzekerayo.